LILIME SI SIKELO YA SHUGA

Matenda a shuga si achilendonso m'midzi mwathu. Kale anthu ankati amenewa ndi matenda a mabwana a m'tauni, koma masiku ano amapezeka ndi msodzi wa ku Makanjira, mlimi wa ku Namwera ndiponso mayi wogulitsa usipa pa msika wa Monkey Bay. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, udayeza anthu m'zigawo zonse zitatu za dziko lino. Udapeza kuti pafupi-fupi anthu 6 mwa anthu 100 alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 adali ndi shuga wopyola muyeso m'magazi mwawo. Kafukufuku wina amene adachitika ku Karonga ndi ku Lilongwe kuyambira 2013 mpaka 2016 adapeza chiwerengero chocheperapo, anthu 2 mwa 100 kumudzi ndi anthu 3 mwa 100 m'tauni, koma adaulula chinthu chodetsa nkhawa: mwa odwala 10 alionse, 4 sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Pa kalembera wa 2018 boma la Mangochi lidapezeka ndi anthu oposa 1,100,000. Choncho ngakhale titatenga chiwerengero chochepacho, odwala shuga m'boma lino alipo zikwi zambiri.

Wodwala akauzidwa kuchipatala kuti achepetse shuga, kawiri-kawiri amayankha kuti, "Ine sindithira wambiri ayi, ndimangothira kuti tiyi amveke." Munthu wotere sakunama. Akunena zimene lilime lake likumuuza. Koma kodi lilimelo likunena zoona? Akatswiri a sayansi akhala akufufuza funso limeneli kwa zaka zambiri, makamaka pogwiritsa ntchito mbewa, ndipo yankho lawo ndi lofunika kwa aliyense amene amagwira supuni ya shuga m'mawa. Lilime si sikelo yokhazikika. Kamvedwe kake kamasintha malinga ndi m'mene thupi liliri, ndipo matenda a shuga ndi kunenepa kwambiri ndi zina mwa zinthu zimene zimalisokoneza.

MATENDA A SHUGA NDI CHIYANI?

Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata, nzimbe ndi shuga wa m'paketi, zonsezi zikagayidwa m'mimba zimatulutsa mtundu wa shuga wotchedwa gulukosi. Shuga ameneyu amalowa m'magazi n'kuyenda thupi lonse, ndipo ndiye nkhuni zimene thupi limasonkhezera moto wake. Koma kuti achoke m'magazi n'kulowa m'minofu pafunika insulini. Insulini amapangidwa ndi chiwalo chachitali chimene chidagona kuseri kwa chifu. Mabuku ambiri amachitcha kapamba, ngakhale si kapamba uja amatupa mwana akadwala malungo.

Insulini akasowa, kapena thupi likaleka kumumvera, shuga amadzaza m'magazi pamene minofu ili ndi njala. Matendawa ali ndi mitundu iwiri ikulu-ikulu. Mtundu woyamba umagwira kawiri-kawiri ana ndi achinyamata: thupi limalekeratu kupanga insulini, ndipo wodwala ayenera kubayidwa jakisoni wa insulini tsiku ndi tsiku. Mtundu wachiwiri ndiwo wofala, pakuti odwala 9 mwa 10 alionse ali ndi umenewu. Umabwera mwakachete-chete, makamaka kwa akulu-akulu.

Shuga akachulukitsa m'magazi, impso zimamutaya mu mkodzo. Asing'anga akale a ku India adazindikira zimenezi poona nyerere zikuunjikana pa mkodzo wa odwala, monganso anthu athu ena amaonera mpaka lero. M'chaka cha 1889 madokotala awiri, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering, adachotsa chiwalo chija mwa galu, ndipo galuyo adadwala shuga. M'chaka cha 1921 Frederick Banting ndi Charles Best a ku Toronto, m'dziko la Canada, adatulutsa insulini namuyesa pa agalu, ndipo chaka chotsatira mankhwalawa adayamba kupulumutsa anthu. Tikuona apa kuti zambiri zimene tidziwa za matendawa tidaziphunzira kwa nyama. Nkhani ya lilime nayonso idayenda njira yomweyo.

M'MENE LILIME LIMAMVERA KUTSEKEMERA

Mukayang'ana lilime lanu pa galasi mudzaona timfundo ting'ono-ting'ono tonga njere za mawere. M'timfundo timeneti mudabisala tizigawo tolawira tosaoneka ndi maso, ndipo munthu aliyense ali nato zikwi zingapo. Kachigawo kalikonse kali ndi maselo a pakati pa 50 ndi 100. Maselo ndiwo tinjerwa ting'ono-ting'ono timene timamanga thupi lonse. A pa lilimewa sakhalitsa. Amafa n'kulowedwa m'malo ndi atsopano pakatha pafupi-fupi masabata awiri. Ntchito yawo ndi kuzindikira kakomedwe ka mitundu isanu: kutsekemera kwa uchi, kuwawa kwa kwinini, kuwawasa kwa bwemba, mchere, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama kapena nsomba.

M'chaka cha 2001, pofufuza chifukwa chimene mitundu ina ya mbewa imakondera madzi otsekemera kuposa inzake, akatswiri adapeza kamsampha kamene kamagwira shuga pa maselo a lilime. Kamsamphaka kali ndi mbali ziwiri zimene adazitcha T1R2 ndi T1R3. Shuga akakodwa m'menemo, uthenga umayenda m'mitsempha kupita ku ubongo, ndipo ubongowo ndiwo umati, "Izi n'zotsekemera." Munthu alinso ndi kamsampha komweka. Koma kwa mphaka, monga adapezera mu 2005, mbali imodzi siigwira ntchito. N'chifukwa chake mphaka amaba usipa pa thandala, nasiya shuga ali poyera.

CHIFUKWA CHIYANI MBEWA?

Mbewa tikunena pano si zija anzathu ena amakumba m'minda akatha kukolola, kapena makoswe oboola nkhokwe. Izi ndi mbewa zoweta zimene zimabadwira ndi kukulira m'nyumba zofufuziramo za sayansi. Zimakhala m'timabokosi taukhondo, ndipo chakudya ndi madzi amene zimapatsidwa zimayezedwa. Mbewa imakhala ndi bere masabata atatu okha, ndipo moyo wake wonse ndi wa zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Motero zimene kwa munthu zingatenge zaka zambiri kuti zioneke, kwa mbewa zimaoneka m'miyezi yochepa. Ilinso ndi insulini, impso ndi lilime zogwira ntchito mofanana ndi zathu.

Nanga popeza mbewa siyankhula, tingadziwe bwanji zimene ikumva pa lilime? Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi ya mabotolo awiri. M'bokosi amaikamo botolo la madzi okha-okha ndi lina la madzi a shuga. Pakapita tsiku amayeza madzi amene atsika m'botolo lililonse, kenaka amasinthanitsa malo a mabotolowo kuti mbewa isangozolowera mbali imodzi. Njira yachiwiri ndi yomvera mtsempha. Mbewa imapatsidwa mankhwala ogonetsa, ndipo kawaya kakang'ono kamalumikizidwa ku mtsempha umene umachokera kutsogolo kwa lilime n'kudutsa m'khutu popita ku ubongo. Akadontheza madzi a shuga pa lilime, makina amalemba kukula kwa uthenga umene mtsemphawo watumiza. Njira yoyamba imasonyeza zimene mbewa ikufuna. Yachiwiri imasonyeza zimene lilime lake likumva.

MBEWA ZOSAKHUTA

M'chaka cha 1966 akatswiri a pa Jackson Laboratory, ku Maine m'dziko la America, adalengeza za mbewa zobadwa ndi chilema cha m'chibadwa. Zikangotha masabata atatu kapena anayi zimayamba kunenepa. Zimadya osakhuta, zimamwa madzi ambiri, zimakodza pafupi-pafupi, ndipo shuga amakwera m'magazi mwawo. Adazitcha mbewa za db/db. Chomwe chimachititsa zimenezi chidadziwika patapita zaka pafupi-fupi 30. M'chaka cha 1994 Jeffrey Friedman ndi anzake a ku New York adapeza mthenga wina woyenda m'magazi amene adamutcha leptin. Iyeyu amapangidwa ndi mafuta a m'thupi. Mafuta akachuluka nayenso amachuluka, ndipo amakauza ubongo kuti, "Nkhokwe yadzaza, chepetsani kudya." Mbewa za db/db zimapanga leptin wambiri ndithu, koma mthengayo akagogoda pakhomo palibe womutsegulira. Ubongo umaganiza kuti kunja kuli chilala pamene nkhokwe ili tho.

M'chaka cha 1995 katswiri wa ku Japan, Yuzo Ninomiya, pamodzi ndi anzake, adayesa lilime la mbewa zimenezi. Adapeza zinthu zinayi:

1. Mtsempha wa pa lilime la mbewa za db/db unkatumiza uthenga waukulu wa shuga kuposa wa mbewa zabwino-bwino, ndipo unkazindikira ngakhale shuga wochepa kwambiri.

2. Pa mchere, zowawa ndi zowawasa panalibe kusiyana. Kutsekemera kokha ndiko kudasintha.

3. Pa mayeso a mabotolo awiri, mbewa za db/db zinkathamangira madzi a shuga kuposa zinzake.

4. Kusiyana kumeneku kudalipo kale mwa tiana ta masiku 7 mpaka 9. Koma mbewa zabwino-bwino zimene zidadwalitsidwa shuga zitakula, pozipatsa mankhwala owononga maselo opanga insulini, sizidasonyeze kukula kwa uthengaku.

Mfundo yachinayiyi ndi yofunika. Ikusonyeza kuti chimene chidakulitsa kutsekemera pa lilime la mbewa za db/db si shuga wa m'magazi, koma chilema chija cha kusamva leptin. M'chaka cha 2000 gulu lomweli lidatsimikiza zimenezi. Lidabaya leptin mbewa zabwino-bwino, ndipo uthenga wa kutsekemera udachepa pamene wa mchere, zowawa ndi zowawasa udakhala chimodzi-modzi. Litabaya mbewa za db/db, palibe chidasintha. Apa padadziwika kuti lilime silidziimira palokha. Limalandira malamulo kuchokera m'magazi, ndipo malamulowo akasokonekera kamvedwe kake kamasokonekeranso.

KUNENEPA KUMACHEPETSA TIZIGAWO TOLAWIRA

Phunziro lina lidachokera ku Cornell University m'dziko la America, kumene Robin Dando ndi anzake adalengeza zotsatira za ntchito yawo m'chaka cha 2018. Iwowa adatenga mbewa zopanda chilema chilichonse nazigawa magulu awiri. Gulu lina linkadya chakudya cha masiku onse, lina chakudya cha mafuta ambiri. Patatha masabata 8 mbewa za gulu lachiwiri zidanenepa, ndipo powerenga tizigawo tolawira pa lilime lawo adapeza kuti kamodzi mwa tinayi tilitonse kadasowa. Maselo akale ankafa msanga pamene atsopano ankachedwa kubadwa.

Chidachititsa n'chiyani? Mafuta akachulukitsa m'thupi amautsa kutupa kwa m'kati kosaoneka ndi maso, kokhala ngati moto wonyeka pansi pa phulusa. Mbewa zimene thupi lake silitha kupanga mthenga wina wa kutupaku zidanenepa ndithu, koma tizigawo tawo tolawira sitidachepe. Ichi chidasonyeza kuti kutupako ndiko kumawononga. Tikumbukire kuti kunenepa kwambiri, makamaka kwa pamimba, ndiye khomo lalikulu lolowera matenda a shuga a mtundu wachiwiri.

NANGA KWA ANTHU?

Mbewa si munthu, ndipo chilema cha db/db n'chosowa zedi pakati pa anthu. Chifukwa chake madokotala adayesanso lilime la odwala enieni. M'maiko osiyana-siyana apeza kuti odwala ambiri a mtundu wachiwiri amafuna shuga wochulukirapo m'madzi asanazindikire kuti madziwo akutsekemera. M'chaka cha 1996 madokotala a ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, adayeza anthu amene adali atangopezeka kumene ndi matendawa. Lilime lawo lidali lobuntha pa gulukosi. Chosangalatsa n'chakuti atalandira chithandizo, shuga wa m'magazi n'kutsika, kamvedwe kawo kadabwerera pang'ono.

Pali zinthu zinanso zimene zimasokoneza lilime la wodwala shuga. Kukodza pafupi-pafupi kumaumitsa mkamwa, ndipo popanda malovu okwanira chakudya sichisungunuka bwino kuti chifike pa tizigawo tolawira. Shuga wokwera amabweretsa zoyera-yera za mkamwa zonga zija zimatuluka makanda, komanso matenda a nkhama. Pakapita zaka amawononga mitsempha, monga amachitira ku mapazi kumene odwala amamva dzanzi. Mankhwala a metformin, amene odwala ambiri amalandira, kwa ena amasiya kakomedwe konga ka chitsulo mkamwa, makamaka masabata oyamba. Fodya nayenso amabunthitsa lilime.

Tsono taonani. Kwa mbewa za db/db lilime limakuza kutsekemera, ndipo mbewa imathamangira shuga. Kwa odwala ambiri lilime limachepetsa kutsekemera, ndipo n'kosavuta kuti munthu awonjezere supuni kuti amve monga ankamvera kale. Njira ndi ziwiri koma zikathera pa bwalo limodzi: shuga wambiri amalowa m'thupi limene likulephera kale kumusamala. Wogula nsomba pa doko sangalole kuti amuyezere pa sikelo yopotoka. Chomwechonso wodwala shuga asayeze chakudya chake ndi lilime.

Tinenenso momveka kuti shuga wa m'tiyi payekha si ndiye amayambitsa matendawa. Zina zimene zimathandizira ndi kukula msinkhu, kukhala ndi makolo kapena abale amene adadwalapo, kunenepa ndi kukhala osagwira ntchito zolimbitsa thupi. Kuno kwathu odwala ena ndi ochepa thupi ndithu. Munthu asaganize kuti poti ndi wowonda ndiye kuti wapulumuka, ndipo wodwala asanyozedwe kuti adadzichititsa yekha.

SHUGA AMENE SITIMUWERENGA

M'chaka cha 2015 bungwe la WHO lidalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu. Awa ndi masupuni aang'ono a tiyi 12 osasefukira. Lidawonjeza kuti n'kwabwino koposa kutsika mpaka masupuni 6. Malangizowa ndi a munthu wabwino-bwino. Wodwala shuga ayenera kutsika kuposa apa. Uchi ndi madzi ofinya ku zipatso zimawerengedwanso m'gulu lomweli.

Tiyeni tiwerenge tsiku la munthu wamba. M'mawa amwa makapu awiri a tiyi, kapu iliyonse masupuni atatu: akwana 6. Phala la mpunga kapena la mgaiwa athiramo awiri: akwana 8. Masana, dzuwa la kunyanja kuno litakula, agula botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi; zambiri mwa zimenezi zimakhala ndi masupuni 7 kapena 8 m'botolo la mamililita 300. Afika 15 kapena 16 dzuwa lisanapendeke, ndipo sitinawerenge thobwa wothira shuga, mandasi, chigumu, kapena malambe osungunula aja amaumitsidwa m'timapepala. Amene timayendera malo ogulitsira tiyi timaonanso kuti supuni imene imagwira ntchito m'malo ambiri si yaing'ono ayi, koma yaikulu yodyera phala. Supuni yaikulu imodzi ndi masupuni aang'ono atatu, ndipo ikasefukira imaposa apo. Akulu-akulu adati chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

LILIME LIMAPHUNZIRA

Nkhani yolimbikitsa ndi yakuti lilime lingathe kuzolowera shuga wochepa. Munthu amene amakhala pa msika wa nsomba samvanso fungo lake, koma akachokapo masiku angapo n'kubwerera amalimva. Kutsekemera nakonso kuli chimodzi-modzi. M'chaka cha 2016 akatswiri a pa Monell Chemical Senses Center, mu mzinda wa Philadelphia ku America, adalengeza zimene adapeza atapempha anthu abwino-bwino kuti achepetse shuga m'zakudya zawo kwa miyezi itatu. Pofika mwezi wachiwiri ndi wachitatu anthuwo ankamva chakudya chomwe chija kukhala chotsekemera kwambiri kuposa m'mene ankachimvera anzawo amene sadachepetse.

Komabe kafukufukuyu adasonyezanso kuti mtima wokonda zotsekemera sudawachoke, ndipo ataloledwa kudya monga afunira adabwerera msanga ku muyeso wawo wakale. Phunziro lake ndi lakuti kuchepetsa shuga si ntchito ya mwezi umodzi, ndiponso si ntchito ya munthu mmodzi. N'kovuta kuti bambo amwe tiyi wopanda shuga pamene mbale ya shuga ili pa mphasa pomwepo, ena onse akutapa. Banja lonse likasintha pamodzi, wodwala amalimba mtima ndipo ana amakula ndi lilime losazolowera shuga wambiri.

ZOYENERA KUCHITA

1. Werengani masupuni, musalawe. Sankhani supuni yaing'ono imodzi kuti ikhale yothirira shuga pakhomo panu, ndipo muzithira osasefukira.

2. Ngati simudwala shuga, chepetsani pang'ono-pang'ono. Ngati mumathira atatu, thirani awiri kwa masabata awiri, kenaka imodzi. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha. Ngati mudapezeka kale ndi matendawa, tsatirani zimene achipatala adakuuzani pa za kusiya shuga wa m'tiyi ndi m'phala.

3. Ludzu lithetseni ndi madzi abwino a pa mjigo kapena owiritsa. Wodwala shuga akamwa zoziziritsa kukhosi, shuga amakwera, amakodza kwambiri, ndipo ludzu limabweranso lokulirapo.

4. Nsima nayonso imasanduka shuga ngakhale siitsekemera pa lilime. Chepetsani mitanda. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya kapena mpiru. Nyanja yatipatsa usipa, utaka ndi chambo. Nsomba ilibe shuga. Nyemba, nandolo ndi nzama ndi zabwinonso.

5. Zipatso zidyedwe zathunthu ndi mwa muyeso. Nyengo ya mango wodwala adye limodzi laling'ono pa nthawi, osati kukhala pansi pa mtengo ndi beseni. Nzimbe azipewe.

6. Musazoloweretse makanda madzi a shuga kapena phala lotsekemera kwambiri. Thiranimo nsinjiro.

7. Tsukani mano kawiri pa tsiku. Mukaona zoyera-yera mkamwa, nkhama zotuluka magazi, kapena chakudya chikaleka kukoma kwa masabata angapo, kauzeni achipatala. Musasiye mankhwala panokha chifukwa cha kakomedwe ka mkamwa.

8. Gwiritsani ntchito thupi. Kulima, kupalasa bwato, kupalasa njinga kapena kuyenda mwandawala kwa theka la ola masiku ambiri a pa sabata kumathandiza thupi kumvera insulini. Siyani fodya.

CHENJEZO KWA AMENE ALI PA MANKHWALA

Pali nthawi imodzi imene shuga amapulumutsa moyo wa wodwala shuga. Amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide, shuga wawo angathe kutsika kopyola muyeso ngati achedwa kudya kapena agwira ntchito yolemetsa. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kugunda kwambiri, chizungulire ndi kuyankhula zosamveka. Zikatero amwe msanga madzi othira masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, kenaka adye chakudya. Asodzi amene amagona pa nyanja ndi onse oyenda maulendo atali-atali azinyamula shuga pang'ono m'thumba, ndipo anzawo adziwe za matenda awo. Munthu akakomoka musamuthire kanthu kukamwa poopa kutsamwa. Mugonekeni cham'mbali ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Ambiri m'boma lino amasala chakudya m'mwezi wa Ramadan, ndipo enanso amasala pa nyengo za mapemphero awo. Wodwala shuga apite kuchipatala kusala kusanayambe kuti akakambirane ngati thupi lake lingapirire, komanso m'mene angamwere mankhwala. Pomasula madzulo ayambe ndi madzi ndi chakudya cha muyeso, osati makapu angapo a tiyi wotsekemera. Zizindikiro za kutsika kwa shuga zikabwera masana, amasule nthawi yomweyo.

SIKELO YENI-YENI ILI KUCHIPATALA

Palibe munthu amene angadziwe kuchuluka kwa shuga m'magazi mwake pomvera lilime kapena thupi. Njira yokha ndi kuyezetsa. Amabaya chala, kadontho ka magazi n'kuikidwa pa kamakina, ndipo yankho limatuluka nthawi yomweyo. Munthu akayezedwa m'mawa asanadye kanthu, nambala ikafika 126 kapena kuposa, kapena 7.0 pa makina owerenga mwa njira ina, achipatala amayezanso kuti atsimikize ngati ali ndi matenda a shuga.

Pitani mukayezetse ngati muli ndi ludzu losatha, mukukodza pafupi-pafupi makamaka usiku, mukuwonda pamene mukudya bwino, mukutopa popanda chifukwa, maso akuchita nkhungu, chilonda chikuchedwa kupola, kapena mapazi akuchita dzanzi. Pitaninso ngakhale mulibe zizindikiro ngati mwapitirira zaka 40, ngati ndinu onenepa, ngati muli ndi matenda othamanga magazi, ngati mayi, bambo kapena m'bale wanu adadwalapo shuga, kapena ngati mudaberekapo mwana wolemera makilogalamu oposa 4. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kapena funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Ngati zoyezera palibe tsiku limenelo, adzakuuzani kopita, monga ku chipatala chachikulu cha boma pa Mangochi. Safunsa adadya phula.

Matenda a shuga akalekereredwa amachititsa khungu, amawononga impso, amabweretsa sitiroko ndi zilonda za kumapazi zimene zimafikitsa munthu podulidwa mwendo. Koma akadziwika msanga, wodwala n'kutsatira malangizo, munthu amakhala zaka zambiri akulima, akusodza ndi kulera ana ake. Kumbukirani: shuga wa m'kapu muyezeni ndi supuni, shuga wa m'magazi mukamuyezetse kuchipatala. Kupewa kumaposa kuchiza.